Mayi Msomali ndi Belu Lomwe Silinalire

Bwana wamkulu wa kampani yathu, akuluakulu a nthambi zonse, anzanga a ku benchi yowotcherera, a ku chipinda choyesera, a ku sitolo, madalaivala athu, ndi inu a pabanja amene mwadzaza mizere iwiri yakutsogoloyi: alamu athu, ana, akamwini, zidzukulu. Ndakuonani nonse. Khalani omasuka.

Andipatsa mphindi khumi. Amene wandipatsayo sandidziwa bwino.

Kwa inu alendo, ine ndine mkulu wa chipinda choyesera. Bolodi iliyonse isanatuluke pageti imadutsa m'manja mwangamu. Pano amanditchula Zatsopano, chifukwa ndimakonda zinthu zongotuluka kumene. Dzinali sindinapemphe. Anandipatsa ndi mayi amene tikutsanzikana nawo lerowa. Anthu amawatchula Mayi Msomali, koma ine ndimangoti achemwali. Ndakangana nawo zaka khumi ndi zinayi. Ndapambana kamodzi, ndipo tsiku limenelo anali ku tchuthi.

Alamu, pakhomo paja mwandinong'oneza kuti patha zaka makumi awiri ndi zitatu koma simudziwabe ntchito ya akazi anu. Anthu akakufunsani mumangoti amakonza mafiriji. Lero ndikumasulireni, kuti mukakalamba musamanamize zidzukulu.

Ife timapanga kabolodi kobiriwira, kukula kwake ngati chikhatho changachi. Kamakhala kuseri kwa firiji yosungira katemera m'zipatala zing'onozing'ono zakutali. Kamayeza kuzizira. Kamalemba zonse zochitika. Mufiriji mukayamba kufunda, kamaliza belu kuti namwino athamange. M'kati mwa kabolodiko muli pulogalamu, ndipo pulogalamuyo sitilemba tokha yonse. Zidutswa zake zoposa mazana awiri timatenga kwa anthu ena amene amazigawa pa intaneti. Chidutswa chilichonse chili ndi malangizo ake, timati resipi. Resipi imauza kompyuta yomangira kuti katenge chakuti, kwakuti, umange motere.

Ndiye vuto ndi ili. Eni zidutswa aja sakhala chete. Amazisintha tsiku ndi tsiku. Ukalemba mu resipi kuti "tenga chatsopano", zimene umange Lolemba si zimene umange Lachisanu. Koma kusintha kulikonse kuli ndi chidindo chake, manambala ndi zilembo makumi anayi, chosafanana ndi china chilichonse. Ukalemba chidindocho mu resipi, basi wakhomera msomali. Kaya umange lero, kaya umange mdzukulu wako atamera ndevu, chituluka chimodzimodzi. Ntchito ya achemwali inali imeneyo, alamu. Kukhomera.

Musaganize kuti anabadwa ndi hamala m'manja. A Giya, dalaivala wathu wamkulu, ali apo, andikonze ndikanama. Chaka chawo choyamba achemwali analemba mawu aja, "tenga chatsopano", pa chidutswa choonetsa manambala pa kagalasi. Lachisanu anayesa, firiji ikuonetsa madigiri anayi. Bwinobwino. Lolemba anamanganso, kuika m'mafiriji makumi atatu, galimoto n'kunyamuka. Osadziwa kuti Loweruka mwini chidutswa uja anaganiza zoyamba kuyeza kutentha m'njira ya kwawo, imene madigiri anayi athuwa amawawerenga 39. Mafiriji onse, ozizira bwinobwino, anayamba kuonetsa 39.

Mafoni anavuta. Kwina anafunditsa firiji matawulo onyowa ngati mwana wodwala malungo. Kwina anaitana m'busa. A Giya anayenda ndi achemwali masiku asanu ndi anayi, firiji ndi firiji. Akuti ulendo wonsewo achemwali sanalankhule, ngakhale wailesi anakana. Tsiku lomaliza, akulowa pageti paja, m'pamene anati, "A Giya, mawu amene aja sindidzalembanso." Ndipo sanalembedi.

Kuchokera pamenepo ife tinaona zakuda. Chidindo chatsopano chikalowa mu resipi, pamafunika anthu awiri. Wina aziwerenga mokweza, wina azitsatira ndi chala. Zilembo zonse makumi anayi. Mlendo wodutsa pakhonde ankayesa tikupemphera. Ine nditangofika kumene, sukulu ikadali yotentha m'mutu, ndinati, "Achemwali, izi n'zachikale. Kompyuta imakopera yokha." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi aja n'kuti, "Imakopera chimene mwaisonyeza. Mwaisonyeza chiti?" Nditayang'ana, ndinali nditakopera cha dzulo.

Funso lawo ndi limenelo. Uti? Iti? Chiti? Ukati pulogalamu ija yayenda, amati iti. Ukati ndakonza vuto lija, amati liti. Mwana wawo wamkaziyu anandiuza kuti atabwera kunyumba ndi nkhani yoti wapeza mnyamata wa ku kwaya, mayi ake sanamwetulire n'komwe. Anangoti, "Uti? Kwaya ili ndi anyamata khumi ndi awiri." Akamwini, mukuseka. Munakhomeredwa tsiku lomwelo, ndipo taonani, simunasunthe mpaka lero.

Nanga kabati yotuwa ija ya pakona? Chidutswa chilichonse chimene tinatengapo pa intaneti, achemwali ankasunga chinzake m'menemo, pamodzi ndi kompyuta yakale yolira ngati chigayo. Katatu konse tinapangana zoichotsa kuti tiikepo tebulo la tiyi. Katatu konse tinapeza kiyi ali m'chikwama chawo.

Tsopano kuseka kuime kaye. Pali nkhani imene sindinainenepo pagulu, ndipo bwana andilola kuti ndiinene lero.

Zaka zinayi zapitazo tinalandira kalata kuchokera kwa oyang'anira chipatala china chaching'ono, kutali kwenikweni. Firiji yawo inafa masana a Lachitatu, katemera yense n'kuwonongeka. Zolemba za kabolodi kathu zinati belu linalira maola anayi. Namwino wosunga firijiyo anali m'chipinda choyandikana, chitseko chotsegula, akuyeza ana pasikelo. Iye anati sanamve belu lililonse. Anamuimitsa ntchito. Kenako anatitumizira bolodiyo ndi funso limodzi: kodi makina anuwa akunena zoona, kapena mayiyu? Ntchito ya munthu ndi dzina lake zinatsamira pa yankho lathu.

Bolodiyo inafika pa benchi yanga. Ndinakopera zolemba zake. Ndinaikamo pulogalamu ya chaka chimenecho, monga ndinkachitira ndi bolodi iliyonse yobwerera. Ndinatenga chowumitsira tsitsi chathu chija n'kupemerera mpweya wotentha pa kachoyezera. Belu linalira, logonthetsa m'kutu. Ndinayesa kasanu. Ndinalemba lipoti la tsamba limodzi loti makina alibe vuto. Ndinasaina ndi dzanja ili. Mayi uja anachotsedwa ntchito.

Patapita milungu iwiri, nthawi ya tiyi, achemwali anabwera ndi lipoti langa m'manja.

"Achimwene, munayesa iti?"

Ndinati, "Bolodi yake yomweyo."

"Sindinafunse bolodi."

Safunsa anadya phula, ndipo phulalo linali m'kamwa mwanga. Pulogalamu imene inali mufiriji tsiku lija inali ya zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyo. Ine ndinaifufuta ndi manja anga, n'kuyesa ina.

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangoloza ndi pensulo nambala ina m'zolemba zija, imene ine ndinaidumpha. Firijiyo inali itayenda masiku 497 osazimako ngakhale kamodzi.

"Munaionapo firiji yathu itayenda chonchi?"

Sindinaionepo. Nonse mukudziwa. Magetsi amathima. Mabatire amafa. Wina amazula pulagi kuti atchaje foni. Firiji yathu ikafika miyezi itatu osazima timati yachita mwayi. Koma tinamva pambuyo pake kuti namwino uja ankapukuta masola opatsa firijiyo magetsi m'mawa uliwonse asanatsegule chipatala. Ankayang'ana mabatire Lolemba lililonse. Pulagi anaimata ndi pulasitala ya mabala kuti wina asaikhudze.

Achemwali anati, "Timangenso pulogalamu yomwe ija."

Anzanga a ntchito ino, inu mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Kwa inu a pabanja, ndinene chonchi. M'makampani ambiri ukawauza kuti amangenso pulogalamu ya chaka chatha chomwechi, amayang'ana kudenga. Apa tikunena zaka zisanu ndi chimodzi. Zidutswa 214. Eni zidutswa zitatu anali atatseka masamba awo, osadziwika kumene analowera. Ine ndinati sizingatheke. Achemwali anatsegula chikwama, kutulutsa kiyi wa kabati yotuwa ija.

Chigayo chija chinalira masiku awiri. Palibe resipi ngakhale imodzi imene inati "chatsopano". Iliyonse inali ndi chidindo chake, ndipo chidindo chilichonse chinapeza chidutswa chake m'kabatimo. Tsiku lachitatu m'mawa pulogalamu inatuluka. Nayonso pulogalamu yathunthu imakhala ndi chidindo chake, ndipo cha nthawi ija chinalembedwa m'buku la ku fakitale tsiku limene firiji ija inkapakiridwa. Achemwali anandipatsa bukulo.

"Werengani."

Ndinawerenga mokweza, iwo akutsatira ndi chala pa kompyuta. Chilembo ndi chilembo. Panalibe kusiyana ngakhale kamodzi.

Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Ndaona zambiri pa ntchito ino, koma tsiku limenelo ndinaona munthu akutenga tsiku lomwe linapita kalekale n'kuliika pa benchi, lathunthu. Zaka zonse zija ndinkawaseka kuti akutichedwetsa. Osadziwa kuti ankasungira mayi amene sankamudziwa n'komwe umboni umene adzaufune.

Kenako anaika pulogalamuyo m'bolodi ija, n'kusintha chinthu chimodzi chokha. Anayendetsa kawotchi ka m'kati mwa pulogalamu kufika mphindi zomaliza za tsiku la 497. Tinadikira kuti mphindizo zidutse. Tinalipo asanu m'chipinda choyesera. Achemwali anandipatsa chowumitsira tsitsi. Ndinapemerera. Manambala anayamba kukwera. Eyiti. Naini. Teni. Pa kompyuta panabwera mzere wakuti "belu likulira".

M'chipindamo munali zii.

Ndinazimitsa chowumitsira chija poganiza kuti mwina chikuphimba phokoso. Munali zii. Mzere wina unabwera, "belu likulira". Winanso. Makina athu ankalemba bodza pamaso pathu, sekondi iliyonse, modekha. Anzathu awiri anatuluka panja. Ine ndinangokhala pansi.

Vuto linali m'chidutswa chowerenga nthawi. Chimawerenga ka zana pa sekondi, ndipo pakatha masiku 497 chimadzaza n'kuyambiranso pa ziro. Zikatero pulogalamu imalemba kuti yaliza belu, koma imangodikira nthawi imene siifikanso. Firiji ikazima n'kuyakanso, kuwerenga kumayambira poyamba, vuto osaoneka. Mafiriji osasamalidwa onse anapulumuka. Vutoli linadikira munthu mmodzi yekha, amene ankasamala kuposa onse.

Achemwali anatsegula resipi ya chidutswacho. Pafupi ndi chidindo chilichonse pamakhala dzina la amene anakhomera. Linali lawo. Ndipo panali china. Mwini chidutswacho anakonza vutoli patangopita miyezi iwiri chikhomerereni. M'zolemba zathu munali pempho loti tisunthe msomaliwo titenge chokonzedwacho. Wopempha anali ine. Sikuti ndinkadziwa za vutolo ayi, ndinkangofuna zatsopano monga mwa khalidwe langa. Yankho lawo linali pomwepo: "Chikuyenda bwino, chisiyeni." Tinadzasuntha patapita zaka zitatu pa zifukwa zina, mafiriji akale aja ali kale kumidzi.

Zaka zonse ndinkalakalaka tsiku loti ndidzanene kuti ndinanena ine. Tsikulo linafika, koma silinandikomere. Achemwali anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Msomali uwu ndi wanga," anatero.

Tinapita kwa bwana. Bwana, mwati ndinene zonse, ndiye ndinena. Poyamba munati tingotuma a Giya akasinthe pulogalamu m'mafiriji onse akale mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo. Sindikuweruzani. Inenso mumtima ndinkafuna zomwezo, chifukwa siginecha ya pa lipoti lija inali yanga. Kunja kwa chipinda chija palibe akanadziwa. Achemwali anamvetsera mpaka mutamaliza, n'kuti, "Mafiriji tikonza, bwana. Nanga mayi uja tikonza liti?"

Kenako munakankhira pepala ndi cholembera kwa iwo. Pa chimenecho ndimakulemekezani.

Kalata yopita kwa oyang'anira chipatala aja achemwali analemba okha. Ine ndinapempha kuti tilembe kuti kampani inalakwitsa, monga amalembera anthu onse. Anakana. Anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Analemba dzina la chidutswa, chidindo chake chonse, tsiku limene anakhomera, tsiku limene anakana kusuntha, ndi dzina lawo. M'munsi mwake ine ndinalemba kuti lipoti langa linali lolakwika. A Giya anazungulira mafiriji onse akale m'milungu itatu. Koma mapepala a m'maofesi sayenda ngati a Giya. Panatha miyezi isanu ndi itatu kuti mayi uja abwezeredwe ntchito.

Munthu wina akanataya hamala. Akanati kukhomera kwandipweteketsa, tiyeni tizingotenga zatsopano. Achemwali anakhomabe, koma anawonjezera mzere umodzi mu resipi iliyonse: tsiku lobwereranso kudzaona ngati msomaliwo ukadali woyenera. Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse timakhala pansi, kuwerenga zimene eni zidutswa akonza, kusankha chosuntha ndi chosiya, n'kulemba chifukwa chake. Ntchito yoyendetsa msonkhano umenewo anandipatsa ine. Anati, "Inu mumafuna kusuntha chilichonse, ine sindifuna kusuntha kanthu. Tikakhala awiri timakwana munthu mmodzi wanzeru." Mwezi wamawa ndikhala pa msonkhano umenewo ndekha, ndipo ndikuopa.

Achemwali, zikomo. Zikomo chifukwa cha zilembo makumi anayi zimene munatiwerengetsa tikung'ung'udza. Zikomo chifukwa cha kiyi amene munatibisira. Kunja kuno kuli ana masauzande amene anabayidwa katemera wozizira bwino, ndipo sadzadziwa dzina lanu. Ife tikulidziwa. Alamu ndi ana, zikomo potibwereka mayi anu zaka zonsezi. Tikukubwezerani ali bwinobwino, koma chenjerani. Alamu, mukati mukupita kukaona mnzanu, muzikhala ndi yankho.

Chatsala chimodzi, ndikhale pansi.

Achemwali sanakumanepo ndi namwino uja. Kawiri ndinawauza kuti tipite tikamuone. Anati, "Ndikamuuza chiyani? Kuti pepani ndinakudyerani miyezi isanu ndi itatu?" Ndinaona kuti chilonda chimenechi sichinapole, ndipo sindinafune kuti apite nacho kunyumba.

Mwezi watha ndinafufuza nambala ya mayiyo n'kumuimbira. Ndinadziulula kuti ndine uja ndinasaina lipoti loyamba. Ndinkayembekeza kuti adula foni. Sanadule. Anandiuza zinthu zimene ndazilemba apa kuti ndisaziphonye.

Anati, "Bambo, kuchotsedwa ntchito kunawawa, koma si kumene kunandidwalitsa. Anthu onse ankati makina sanama. Abale anga omwe ankatero. Mpaka ndinayamba kukhulupirira kuti mwina belulo ndinalimva n'kulinyalanyaza. Ndinapita kawiri kukayezetsa makutu. Mwana wa mnzanga akadwala, ndinkati mwina ndi ine. Kalata ija itafika ndinasonkhanitsa ana anga n'kuwawerengera yonse, ndi manambala aja omwe, ngakhale sindinkawamvetsa. Ndinawauza kuti mayi anu sananame."

Kenako anandifunsa kuti, "Kodi mayi amene analemba kuti wolakwa ndine aja alipo? Palibe akanawagwira. Ndikufuna ndione nkhope yawo."

Achemwali, musandiyang'ane choncho. Inde, ndachita osakufunsani.

A Giya ananyamuka dzulo kukatenga namwino uja. Ayenda maola asanu ndi anayi. Mayiwo ali kumbuyo uko, pafupi ndi zenera, avala diresi yabuluu. Mayi, chonde imirirani. Akuti sanabwere kudzalankhula. Akungofuna akugwireni dzanja.

Mukapume, achemwali. Mukagone tulo tabwino, mukadzuke dzuwa litakwera, mukasewere ndi zidzukulu mpaka zitope ndi izo. Katundu amene mwasenza zaka zinayi uja mumutule pano, musapite naye.

Anzanga, tiyeni tonse tiimirire. Apatseni njira mayiwo pakatipo. Holo ino ndi yaitali, ndipo akuyenda pang'onopang'ono. Ombani m'manja, ndipo musaleke mpaka afike.